Kapu Yochukuchira Mawu a Pamsewu

Mwana wanga wamkazi ali ndi sewero lina pafoni yake, la timabokosi tolembamo mawu. Tsiku lina tikusankha mpunga pakhonde anandiyesa dala. "Amayi, kodi anthu pa intaneti amalemba chiyani akafuna kusonyeza kuti aseka kwambiri? Zilembo zake ndi zitatu zokha." Ndinamuyankha kuti kwathu munthu akaseka amangoseka, sachita kulemba. Anaseka mpaka kutayitsa mpunga m'lichero, kenaka n'kuyamba kundiwerengera timawu todukaduka timene amatumizirana ndi anzake. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Kachukuche!" Mwanayo anandiyang'ana modabwa. Agogo ake aamuna sanawaonepo, ndipo za kapu yawo ndinali ndisanamuuzepo.

Kwathu ku Chilomoni, kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kunali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera kapu yachitsulo yobiriwira, yosupuka m'milomo. Sinali yomwera madzi kapena tiyi. Inali ya milandu. Bambo anga anaika lamulo lakuti aliyense wolankhula mawu a pamsewu m'nyumba mwawo atenge kapuyo, atunge madzi m'ndowa, apite kuseri kwa nyumba, achukuche mkamwa n'kulavula. Sankamenya, sankakalipa. Ankangotsitsa magalasi pamphuno n'kunena mofatsa kuti, "Kachukuche," basi n'kupitiriza zimene amachita.

Mawu a pamsewu anali awa amene anyamata a mu Blantyre ankaponyerana masiku amenewo: bho, shapu, aise, geni, dilu, nyatwa, kutchena. Ukati "zili bho" m'malo moti "zili bwino," kapu. Ukati "geni" m'malo moti malonda, kapu. Kuwatchula amayi kuti masteni, kapena bambowo kuti madala, kumeneko kunali kuchukucha kawiri. Ngakhale liwu loti adadi, limene ana a nyumba zoyandikana nafe ankaitanira abambo awo, ankalikana. Ankati iwo sanabereke ana ku Ulaya.

Wochukucha wamkulu m'nyumbamo anali achimwene anga. Anali kondakitala wa minibasi yoyenda pakati pa Chilomoni ndi m'tauni, ndiye ntchito yawo yonse inali pakamwa. Tsiku lonse ankakhala akukuwa pazenera, kuseka ndi anzawo pasiteji, kukangana ndi okwera, ndipo madzulo ankabwera ndi liwu latsopano ngati mmene ena amabwerera ndi buledi. Ankayesetsa ndithu kudzigwira, koma akangoyamba kufotokoza nkhani ya tsikulo liwu linkapulumuka lokha. Kuseri kumene tinkalavulirako kunamera mpapaya, ndipo amayi ankati mtengo umenewo unathiriridwa ndi achimwene okha kuyambira uli kamwana. Unkabereka mapapaya okoma zedi. Ine ndinali kusekondale ndipo ndinali wochenjerako: mawu anga ndinkawasiya pageti, n'kudzawatenganso m'mawa popita kusukulu.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati bambo ndi munthu wamakani chabe. Amayi ndi amene anandiuza gwero lake. Makolo a bambo anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo bambo ali mwana ankalankhula Chilomwe. Atabwera kudzaphunzira m'tauni, anzawo ankawaseka nthawi iliyonse akatsegula pakamwa. Ndiye anachita kuchiphunzira Chichewa mwakhama, cha m'Baibulo ndi cha pawailesi, mpaka anayamba kuchilankhula bwino kuposa amene ankawasekawo. Chinawapezetsa ntchito yaukalaliki m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata, chinawaimiritsanso kutsogolo kutchalitchi monga mkulu wa mpingo. Akamawerenga mawu Lamlungu, anthu ankasiya kutsokomola. Chinthu chimene munthu anachivutikira chotero safuna kuchiona chikukwekwerezedwa m'fumbi ndi ana ake omwe. Mwambi wawo wa tsiku ndi tsiku unali wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kenaka kunabwera matipate, ndale za zipani zambiri. Pakamwa pa anthu panatseguka, ndipo nyuzipepala zinachuluka m'tauni, ina kutuluka mwezi uno, mwezi wamawa osaonekanso. Bambo sankakonda zonyozana zimene zinkadzaza masamba akutsogolo. Koma ina mwa nyuzipepalazo inali ndi timabokosi ta m'Chichewa patsamba lomaliza, ndipo imeneyo ankaigula Loweruka lililonse. Tinali timabokosi takuda ndi toyera, tokhala ndi mafunso m'munsi mwake, ena ofuna yankho lopingasa, ena lotsika, mawuwo n'kumadutsana pazilembo. Kale ankaona zoterezi m'Chingerezi mokha. Kuziona m'chinenero chawo kunawakondweretsa kwambiri moti anagula pensulo yakeyake, imene palibe amene ankaloledwa kulembera homuweki.

Chisangalalocho chinali ndi minga yake. Amene ankakonza timabokosito ayenera kuti anali mnyamata wa msinkhu wa achimwene, chifukwa pakati pa mafunso a miyambi, mayina a mbalame ndi ziwiya za kumunda ankaponyapo awiri kapena atatu a pamsewu. "Kuvala bwino, m'kalankhulidwe ka anyamata a masiku ano." "Moni wa achinyamata." Bambo akafika pamenepo ankapumira m'mwamba, n'kudumpha. Zilembo zimene zagwera m'liwu loterolo chifukwa cha mawu ena olongosoka ankazilemba, koma timabokosi totsalato ankatisiya toyera. Tsamba lonse linkadzaza ndi zilembo zawo zokongola zaukalaliki, kupatula mabowo angapo apa ndi apo. Akamaliza ankaipinda nyuzipepalayo n'kuisanjika pamwamba pa kabati.

Achimwene sankalola kuti mwayi woterewu uwadutse. Ankaima kumbuyo kwa mpando wa bambo, manja kumbuyo, mwaulemu wonse.

"Ababa, apa mwasiyapo bowo."

"Ndaliona."

"Kapena lakukanikani? Ndikhoza kukuthandizani."

"Limenelo si liwu. Ndi phokoso."

Tsiku lina ndinawafunsa amayi ngati bambo ankawadziwadi mayankhowo. Amayi anaseka. "Iwe, angakulangeni bwanji pa mawu amene sakuwadziwa? Akuwadziwa onse, mwina kuposa mkulu wakoyo. Akungowamana malo."

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate, m'nyengo yozizira, bambo anagwa. Kunali m'mawa, akupukuta nsapato zawo pakhonde kuti azipita kuntchito. Amayi anamva bulashi ikugwa, kenaka phokoso lina lolemera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anakhalako masabata angapo, ndipo atatuluka mwendo wamanja unkakokeka, dzanja lamanja linali lende, mlomo utapotokera mbali imodzi. Zonsezo tikanazipirira. Chimene chinatipweteka koposa n'chakuti bambo anabwerako opanda mawu.

Namwino wina wachikulire anatikokera pambali tsiku lotulukalo. "Akumva zonse, ndipo mutu wawo ukuyenda bwinobwino," anatero. "Mawu alimo, yatsekeka ndi njira yake. Muziwalankhulitsa, musamawalankhulire. Mukawasiya akhale chete miyezi n'kumapita, azolowera, ndiye zidzavuta."

Tinayesa mmene tinkadziwira. Amayi ankawerenga salimo limene bambo ankalikonda, n'kuima pakati kuti iwo amalize. Ine ndinkayamba nyimbo ya m'buku n'kuisiya m'malere. M'mawa uliwonse tinkagwada n'kupereka moni wathunthu, "Mwadzuka bwanji, ababa?" kenaka n'kudikira. Masiku oyamba ankayesa. Milomo inkanjenjemera, khosi linkakwera n'kutsika, koma chotuluka chinali kubuula kopanda mutu, nthawi zina ndi malovu. Munthu amene ankachititsa tchalitchi chonse kukhala chete sanathe kupirira kudzimva akubuula pamaso pa ana ake. Anayamba kutembenukira kukhoma tikangoyamba salimo. Posakhalitsa analekeratu kuyesa.

Anthu ankabwera kudzawazonda, ndipo ambiri ankandipsetsa mtima. Ankakhala pampando moyang'anana ndi bambo, n'kumafunsa amayi kuti, "Nanga akudya? Usiku akugona?" ngati mwini wakeyo wapita kumsika. Bambo ankangoyang'ana pansi. M'nyumba munali zii. Achimwene nawo anasiya nkhani zawo za pasiteji, ankalowa mwakachetechete n'kutuluka mwakachetechete. Kapu ija inachita fumbi pamsomali, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikuisowa. Tsiku lina tikuchapa pampopi amayi anaima, manja ali thovu lokhalokha. "Ine sindikupempha zambiri," anatero. "Ndingomvako mawu awo kamodzi. Ngakhale atandikalipira kuti ndiwo zachepa mchere, ndivomera." Ndinachita mantha, chifukwa amayi sanali munthu wolankhula motero.

Loweruka lina amayi anapita kumaliro ku Chemusa. Achimwene anali pakhomo chifukwa minibasi yawo inali kugalaji. Ine ndinkafuna kuyatsa mbaula, ndiye ndinakwera pampando n'kusolola nyuzipepala imodzi pamulu uja wa pamwamba pa kabati. Bambo anali pampando wawo pafupi ndi zenera, bulangete lili m'miyendo. Anandiyang'ana ndi diso limene ndinkalidziwa bwino.

"Iwe, ukufuna kuwotcha chuma cha eni ake iwo akuona?" anatero achimwene, n'kundilanda nyuzipepalayo. Anaitembenuza n'kupeza tsamba la timabokosi, lodzaza bwinobwino kupatula mabowo aja. Anaima nalo kanthawi. Kenaka anakatenga pensulo yoletsedwa ija, anakoka kampando, n'kukhala pafupi ndi bambo, mbali ya dzanja lawo labwino.

"Madala," anatero mokweza, "ntchito iyi munaisiya yosatha. Lero tiimaliza."

Kuwatchula bambo kuti madala pamaso pawo! Nsidze za bambo zinakwera, koma achimwene anachita ngati sanaone. Anayala nyuzipepalayo pabulangete n'kuwerenga funso ngati mphunzitsi. "Lotsika. Munthu wochenjera, katswiri pa zochita zake, m'kalankhulidwe ka anyamata a masiku ano. Mwalemba kale D apa, L apa. Aa, izi n'zophweka. Ndi dilu."

Ngakhale ine ndinadziwa kuti akunama. Dilu ndi zokambirana za malonda, si munthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze, koma achimwene anandiponda chala chakuphazi.

"Dilu," anabwereza, akunyowetsa pensulo palilime. "Ndikulemba."

Bambo anapukusa mutu.

"Mukukana chiyani? Ine ndi amene ndimakhala pamsewu, inu mumakhala m'tchalitchi. Ndi dilu basi." Anayamba kulemba pang'onopang'ono, chilembo chachikulu chokhotakhota, pakati pa zilembo zokongola za bambo. Dzanja lamanzere la bambo linatuluka m'bulangete n'kumenya nyuzipepalayo.

"Nanga ndilembe chiyani? Ine sukulu ndinalekezera panjira, mukudziwa nokha. Mukapanda kundiuza ndilemba dilu, ndipo ndikaonetsa akulu a mpingo onse kuti mwayankha ndinu."

Nkhope ya bambo inachita kutupa ndi ukali. Munthu ameneyu akanatha kukhululuka zambiri, koma osati yankho lolakwa patsamba lake. Anagwira dzanja la achimwene mwamphamvu, milomo ikulimbana. Ndinaima ndi machesi m'manja.

"Do," anatero. "Do... dolo."

Mawuwo anali okhuthala, okokeka, koma anali mawu a bambo. Achimwene anafufuta chilembo chawo chija mosafulumira n'kulemba yankho loona. "Zoonadi, ndi dolo," anatero, koma liwu lawo linali litasintha ndipo sanadzutse mutu. "Ndinaiwala." Ine ndinathawira kukhitchini n'kukalira pafupi ndi mbaula yosayatsa.

Tinaganiza kuti basi njira yatseguka. Achimwene anatsitsa mulu wonse wa nyuzipepala, koma bambo anaukankha. Ukali utatha, anazindikira chimene chatuluka mkamwa mwawo, ndipo manyazi anawagwira. Miyezi yonse ija salimo linakana, nyimbo inakana, moni anakana, kenaka liwu loyamba kutuluka n'kukhala la pasiteji ya minibasi. Anatembenukira kukhoma.

Amayi atabwera madzulo tinawachingamira pageti, tonse tikulankhula nthawi imodzi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Musasewere nane," anatero. "Ndachokera kumaliro ine." Analowa, anagwada pafupi ndi mpando, n'kufunsa mofatsa, "Abambo, akuti mwalankhula?" Bambo sanatembenuke. Amayi anadikira, anadikira, kenaka anadzuka n'kukavula nsalu ya kumaliro. Zinandipweteka kwambiri kuti liwu limene ankalilakalaka linabwera iwo kulibe, n'kugwera ife amene tinkangosewera.

Mawa lake linali Lamlungu. Mapemphero atatha, abusa anabwera kunyumba ndi akulu a mpingo awiri komanso amayi angapo, onse atavala za kutchalitchi. Tinabwereka mipando kwa oyandikana nawo. Amayi anawaveka bambo jekete ndi tayi, poti sakanalola kuonekera kwa abusa atavala juzi. Abusawo anali munthu wodekha. Sanafunse amayi ngati mmene ankachitira ena. Anakokera mpando wawo kutsogolo kwa bambo, anawagwira dzanja, n'kuwayang'ana m'maso.

"Bambo, mukupeza bwanji lero?"

Mayi wina anafuna kuyankhira, koma abusa anakweza chala. Tonse tinadikira. Ndinaona kuti bambo akufuna kuyankha, chifukwa kusayankha abusa kunali kulakwa kwina kumene sakanakupirira. Ankafunafuna yankho laulemu, lathunthu, lija ankatiphunzitsa ife. Milomo inayamba, inaima, inayambanso. Thukuta linatuluka pamphumi ngakhale kunkazizira. Yankho lalitalilo linakana. Ndiye kunatuluka kafupi, komveka bwino mpaka pakhonde.

"Bho."

Mkulu wa mpingo wina anatsokomola. Amayi a mpingo anayang'anana. Achimwene, amene anaima pachitseko, analuma mlomo n'kuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Abusa anamwetulira n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu," koma bambo sanawamve. Anali atagwetsa nkhope. Kenaka dzanja lawo lamanzere linadzuka pang'onopang'ono n'kuloza chitseko cha kukhitchini.

Alendowo sanadziwe tanthauzo lake, koma ife a m'nyumbamo tinadziwa. Lamulo linali lawo, ndipo sanafune kuti liwadumphe iwo. Amayi ndi amene anadzuka. Tinamva akuchotsa kapu pamsomali, akuitsuka fumbi, akutunga madzi m'ndowa. Anabwera nayo ndi manja awiri, anagwada pamaso pa bambo, n'kuifikitsa pamlomo pawo. Bambo anamwa pang'ono, anachukucha mmene akanathera ndi tsaya limodzi, n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku pofuna polavulira. Ndinatembenuka kuti ndikatenge beseni.

"Siya," anatero amayi. Anaika chikhatho chawo pansi pa chibwano cha bambo. Misozi inali ikutsika, koma mawu awo sananjenjemere. "Ayi, abambo. Mawu amenewo ndawadikira nthawi yaitali. Musalavule. Mezani."

Bambo anawayang'ana, masaya ali otupa ndi madzi, tayi itapendekeka. Kenaka khosi lawo linakwera n'kutsika, ndipo tonse tinamva madziwo akudutsa.

Amayi anaika kapu pansi n'kupukuta mlomo wa bambo ndi nsonga ya nsalu yawo. "Tsopano nenaninso," anatero, "ndimve bwino."

Ndipo ananenanso.